Ndikufuna kukaona chilumba, koma mkazi wanga sachoka pamalire

Aphungu,

Safunsa anadya phula, ndiye ine ndati ndifunse ndisanadye langa.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mwanza, ndili ndi zaka 31. Chibadwire madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a Shire basi, nawonso ndili pawindo la basi yopita ku Blantyre. Chaka ndi chaka ndimajambula kanthu kozungulira pabolodi, n'kukazinga ndi choko cha buluu, n'kuuza ana a Sitandade 5 kuti chilumba ndi chimenechi. Akandifunsa kuti nanga mbuzi za kumeneko zikadya chimanga cha eni zimathawira kuti, ndimangoti tsegulani tsamba lotsatira. Sindidziwa, Aphungu, ndipo zimandiwawa.

Mnzanga Jailosi, amene ndinali naye ku koleji ya aphunzitsi, anamutumiza kukagwira ntchito pachilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa ku Zomba. Makalata ake ndi amene andizunguza mutu. Akuti kumeneko kulibe galimoto ngakhale imodzi. Akuti bwato amachita kulikankha ndi nsungwi yaitali chifukwa nyanjayo ndi yosazama, ndiponso asodzi ena amamanga timisasa pamwamba pa udzu woyandama n'kumakhala momwemo. Zoona zimenezi? Ife kuno timadzutsidwa ndi malori odutsa ku Tete akamatenthetsa mainjini podikira asilikali owaperekeza, utsi wa dizilo mpaka m'kalasi. Ndiye munthu andiuze kuti kuli malo kumene umangomva mbalame ndi mphepo! Wandiitana kuti pa tchuthi chachikulu cha Ogasiti ndipite ndi mkazi wanga tikakhale sabata imodzi. Kulibe maliro, kulibe ukwati, wodwala kulibe. Akuti tizikangodya matemba n'kumayang'ana madzi.

Mkazi wanga ndi Laurentina. Anabwera kuno mu 1986 kuthawa nkhondo kwawo ku Mozambique, ndipo tinakwatirana chaka chotsatira. Pothawapo anali ndi achemwali ake aakulu, amene iye amawatchula kuti mana Ines. Panjira anapangana kuti akasiyana, aliyense akadikire mnzake pamalire pa Mwanza. Anasiyanadi mfuti zitalira pamtsinje wina, uyu kuthawira uku, uyu uku. Kuyambira pamenepo Laurentina tsiku lake limathera pamalire. Amagulitsa manachesi, akatha manachesi nthochi, zikasowa nthochi mandasi, pansi pa mtengo womwewo, moyang'anana ndi pamene othawa nkhondo obwera kumene amafikira. Malondawo ndi ongophimbira, maso ake amakhala pankhope za anthu. Lamlungu lokha ndi limene amapita madzulo, titaweruka kutchalitchi. Zaka zitatu tsopano sanagonepo kunja kwa nyumba yathu, ngakhale kwa amayi anga ku Thambani amapita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo.

Tsopano imvani pamene ndinapusira. Ndinkafuna kuti nkhani yabwinoyi imufikire modzidzimutsa. Lamlungu lina titangofika kuchokera kutchalitchi ndinati, "Mayi, longedzani katundu, tikupita kutali." Ndinatuluka ndikumwetulira, ulendo wa kukwaya. Pobwera ndinapeza bulangeti lamangidwa mtolo, m'kati muli poto mmodzi, mchere, machesi, ufa pang'ono ndi mapepala ake. Nkhuku zathu zitatu zili gone pakhonde, zomangidwa miyendo. Mwini wake wavala madiresi awiri, lina pamwamba pa linzake. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Afika pati?" Ndinati ndani? Iye anati, "Asilikali." Aphungu, manyazi amene anandigwira sindingathe kuwalemba. Nkhuku zija ndinamasula ndekha.

Nditamufotokozera bwinobwino, mantha anatha, mafunso n'kuyamba. "Tikukaona ndani?" Ndinati Jailosi. "Akudwala?" Ndinati ayi, tikukangokhala. "Kungokhala? Kuno mipando yatha?" Ndinamujambulira chilumba pansi ndi kamtengo, monga ndimachitira m'kalasi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Madzi mbali zonse? Nanga zinthu zikavuta anthu amathawira kuti?"

Si iye yekha amene sakumvetsa. Mai Rozina oyandikana nafe, ataona mtolo uja, anabwera ndi kambale ka ufa kudzapepesa, poganiza kuti kwagwa zovuta. Nditawauza kuti tikungopita kukaona chilumba, anati, "Chilumbacho n'chibale chanu?" Lero mudzi wonse wagawikana. Ena akuti aphunzitsi akubisa maliro, ena akuti tikupita kwa sing'anga.

Chondipatsa chiyembekezo n'chakuti chidwi ali nacho. Kawiri konse ndamupeza akuwerenga makalata a Jailosi, chala chikutsata mawu pang'onopang'ono, poti sukulu yake inali ya Chipwitikizi. Anandifunsa ngati milambe ya pachilumbapo ndi yaikulu ngati ya kwawo. Anafunsanso ngati amayi amaloledwa kukwera bwato. Koma dzana anandiuza mawu amene andilembetsa kalatayi. Anati, "Ndikanakonda kukaona. Koma mana Ines akafika Lachitatu ine ndili pamadzi, adzapeza pansi pa mtengo palibe munthu. Adzati ndinafa, n'kupitirira."

Ndinene zoona, poti inu simundidziwa nkhope. Ine ndimaganiza kuti mwina achemwali akewo kulibenso. Sindinamuuzepo. Mumtima ndimati akakhala sabata imodzi osaona malire, mwina adzayamba kuiwala, nanenso ndidzakhala ndi mkazi amene maso ake ali pakhomo. Ndimamukonda kwambiri, koma ndatopa kulankhula ndi munthu amene khutu lake lina lili kumsewu.

Ndiye ndipite ndekha? Ndimuumirize? Kapena ndingoiwala za chilumba? Komanso inu amene mwayenda, tandiuzani, munthu akakhala pa tchuthi amachita chiyani kwenikweni kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Tinyamule chiyani? Jailosi akudikira yankho mwezi uno usanathe.

M. K., Mwanza

A M. K.,

Nkhuku zomangidwa miyendo zinandiseketsa, koma nditafika pa madiresi awiri ndinasiya kuseka. Munthu amene anathawapo mfuti simumuuza kuti longedzani n'kutuluka mukumwetulira. Munapepesa? M'kalata mwanu simunanene. Ngati simunatero, ikani kaye nyuzipepalayi pansi mukapepese, zotsalazi muwerenga mukabwera.

Tiyambe ndi chimene mwachibisa kumapeto. Mukufuna kuti chilumba chikakuchotsereni Ines m'nyumba. Sichingatero, achimwene. Inu simudziwa ngati Ines ali moyo kapena ayi, inenso sindidziwa, ndipo m'misasa muno abale akupezanabe patapita zaka. Mukamutenga mkazi wanu ndi cholinga choti akaiwale, adzakutulukirani tsiku loyamba lomwe, ndipo masiku otsalawo adzangokhala pagombe kuyang'ana bwato lobwerera. Kutopa kwanu ndakumva, ndipo palibe tchimo pamenepo. Muuzeni kuti mumamusowa ngakhale mukugona nyumba imodzi. Zimenezo n'zoona ndipo akhoza kuzilandira. Zoti achemwali ake kulibenso ndi maganizo anu chabe, asatuluke pakamwa.

Laurentina wakuuzani vuto lake momveka bwino: pansi pa mtengo pasasowe munthu. Ndiye likonzeni limenelo. Pitani naye kwa a Red Cross amene amathandiza kufufuza abale otayana, mukalembetse dzina la Ines, la makolo awo ndi la mudzi wakwawo. Kafunseninso kumsasa wa ku Chifunga, chifukwa ambiri amalowa kudzera njira zam'tchire osadutsa pamene mkazi wanu amakhala. Cholembera muli nacho, Chingerezi mumachitha, zaka zitatu zonsezi munkadikira chiyani? Izi muchite kaya mupita ku Chisi kaya simupita.

Kenaka pezani wokhala pamtengo paja masiku amene mudzachoke. Mai Rozina amene ananyamula ufa kudzapepesa maliro oti kulibe akuoneka kuti mtima ali nawo, koma asankhe ndi Laurentina, inu ayi. Awafotokozere msinkhu wa Ines, mayendedwe ake, chipsera ngati ali nacho. Alembenso pakatoni m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi kuti iye ali moyo ndiponso kuti Ines akafika afunse nyumba ya aphunzitsi, n'kukhoma pamtengopo. Alembe ndi dzanja lake, ngakhale zilembo zikhale zokhota, poti limenelo ndi limene achemwali ake amalidziwa.

Musayambe ndi sabata yathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagoneni kaye kwa amayi anu ku Thambani tsiku limodzi, abwere adzaone kuti wosiyidwa pamtengo uja anakhaladi mpaka dzuwa kulowa. Zikayenda bwino, ku Chisi masiku anayi akwana. Akakana chaka chino musamuumirize, ndipo musapite nokha, chifukwa mudzabwera ndi nkhani zokoma zimene zidzamulasa mumtima. Lemberani Jailosi kuti mudzabwera chaka chamawa. Chilumba sichisamuka.

Pali chinthu china chimene Jailosi mwina sanakulembereni. Kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa ndi kumalire a Mozambique, ndipo mapiri ena amene mudzaone tsidya linalo ndi a dziko lakwawo kwa mkazi wanu. Muuzeni pasadakhale, asadzazindikire ali kale m'bwato. Funso lake la kothawira musaliseke. Mufunseni Jailosi kuti za nkhondo kumeneko zili bwanji masiku ano, ndipo yankho lake mumuwerengere lonse osadumpha mzere.

Za ulendo, mudzakwera basi ya ku Blantyre, ina ya ku Zomba, kenaka galimoto yopita kudoko la Kachulu kumene mabwato amanyamukira. Musananyamuke kafunseni ku ofesi yoona za othawa nkhondo ngati mkazi wanu afunika kalata yoyendera, poti pamsewu apolisi amafunsa mapepala. Wolokani m'mawa. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, ndipo mwini bwato akati lero sitiwoloka, musamutsutse ndi nzeru za m'kalasi. Nyamulani neti ndi mankhwala a malungo, udzudzu wa ku Chilwa suona kuti uyu ndi mlendo. Madzi akumwa muziwiritsa, ndipo musasambe m'nyanja kuopa likodzo. Kwa Jailosi tengerani shuga, sopo ndi palafini, zinthu zimene pachilumba zimavuta, osaiwala thumba la manachesi. Mukafika, akakuonetseni kwa eni mudzi musanayambe kuyendayenda ndi mafunso anuwo.

Mwafunsa kuti munthu pa tchuthi amatani. Ine ndinakafikako kamodzi. Tsiku loyamba ndinali wosokonezeka, ndikuyang'ana wotchi ngati pali belu loti lilire. Lachiwiri ndinakhala ndi amayi oyanika matemba mpaka nditaiwala nthawi ya chakudya. Lachitatu ndinakwera phiri n'kuona madzi mbali zonse, ndipo miyendo inandiwawa masiku awiri. Inu mudzapeza zanu. Za mbuzi zija mukafunse komweko, anawo mwawazemba mokwanira. Koma musiyeni Laurentina azikafunsa yekha, akayeze milambe yake, akacheze ndi amayi anzake inu musakumumasulira. Akangoti duu kuyang'ana tsidya, musamufunse chimene akuganiza, khalani naye pafupi basi. Onena za sing'anga asiyeni anene, pakamwa ndi pawo.

Chenjezo langa ndi la tsiku lobwerera. Mulitchule musananyamuke, wosunga pamtengo uja akumva. Mukati tifika Lachisanu, chokani pachilumba Lachinayi m'mawa, kuti mphepo kapena basi zikakuchedwetsani mukhale ndi potsamira. Jailosi adzakunyengererani kuti mugonenso kamodzi, nsomba zidzakoma, inunso mtima udzafuna. Kanani. Mkazi wanu anachokapo pakhomo kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo mpaka lero sanabwerereko. Sadziwa kuti pali ulendo umene munthu amabwerako pa tsiku limene ananena. Mukachedwa ndi tsiku limodzi lokha, aphunzitsi, mudzakhala mwamuphunzitsa kuti ulendo wotero kulibe.

Aphungu