Za Mano a Msilikali Hasenkamp

KOMITI YOKONZA ASILIKALI A KALONGA WA KRÄHENFELS

Tsiku: 9 Marichi 1768
Malo: Chipinda cha pamwamba pa khola la akavalo
Analipo: Meja von Elsterhain (Wapampando), Kaputeni Pfannstiel, Dokotala Kümmel, L. Wachtel (Mlembi)
Sanabwere: Lefutenanti Brotbeck, kavalo wake anabwerekedwa kukalima.

1. Kugawa magulu

Wapampando anati asilikali athu makumi anayi agawidwe m'magulu atatu, kuti alendo aziyesa tilipo ambiri. Zinavomerezedwa. Ng'oma ilipo imodzi, magulu azibwerekana.

2. Za Veit Hasenkamp

Kaputeni anakumbutsa lamulo lakuti wonyamula mfuti ya gogodera akhale ndi mano akutsogolo, pakuti kathumba ka pepala ka onga amakang'amba ndi mano. Ananena kuti Hasenkamp, amene watumikira zaka makumi atatu, watsala ndi nkhama zokhazokha, choncho achotsedwe. Mlembi anati akachotsedwa atuluka m'nyumba ya asilikali, ndipo nkhalambayo ilibe kolowera, kupatula pansi pa mlatho. Mlembi anauzidwa kuti ntchito yake ndi kulemba.

Hasenkamp anaitanidwa. Atafunsidwa kumene kunapita mano, anati: "Bwana, nkhondo ziwiri ndinabwerako nawo onse. Anathera mu buledi wa alamu awo a Kaputeniwa. Ameneyo mukanaika mu mzinga, adani akanathawa tsiku loyamba."

Kaputeni anati: "Tamuonani, m'kamwa ngati khanda, koma mwano!"

Dokotala anati bulediyo amamudziwa, tsiku lina anakhomerapo msomali m'malo mwa nyundo.

3. Chiyeso

Wapampando anati kung'amba pepala si nkhani yotayira nthawi. "Tabweretsani kuno, muone ntchito ya amuna." Analuma kathumba, nakoka. Kathumba sikanang'ambike. Mano a Wapampando, a mnyanga wa njovu, amene komiti yakhala ikunamizira kuti sidziwa zoti ndi ogula, anatuluka ndi kathumbako nagwera pansi pa tebulo.

Hasenkamp anawatola, nawapukuta pa malaya, nawabweza ndi manja awiri. Anati: "Musade nkhawa, bwana. Pansi pa mlatho paja pali malo a anthu awiri."

Palibe anaseka. Dokotala anatsokomola nthawi yaitali.

Chigamulo: lamulo la mano likhalebe. Hasenkamp akhale mlonda wa chipata cha kumpoto, kumene mfuti sinalirepo chiyambire. Bedi lake likhalabe lake. Mlembi akulemba poyera kuti mtima wake unakhala m'malo, pakuti nkhalambayo ndiyo inamunyamula pamsana atavulala kunkhondo.

4. Zina ndi zina

Dokotala anapempha kuti buledi aziyamba wanyikidwa m'madzi. Kaputeni anati za alamu ake zisalembedwe. Zalembedwa.

Komiti idzakumananso pa 6 Epulo. Wapampando anatseka msonkhano 4 koloko madzulo, dzanja lili pakamwa.

G. von Elsterhain, Wapampando
L. Wachtel, Mlembi