Mapazi Anga ndi Mashafiti a Malume

Lolemba, 6 Juni

Mashafiti a malume, zitsulo zazitali zimene amasema, akanidwanso. Asanu ndi atatu mwa khumi ndi awiri. Onse Adona akuti ndi aafupi, kuperewera kosakwana n'komwe kunenepa kwa tsitsi. Wodinda chidindo chofiira ndine, mwana wa mlongo wawo, pomwe ndi iwo amene anandipezera ntchito pafakitale pano.

Ndi malume omwewo amene anatcha makina oyezerawa kuti Adona, dzina n'kukhala. Nanga si chipinda chawochawo, tebulo lamwala, choziziritsa chosazima, madigiri 20 chaka chonse. Kachala kawo ka mkanda wofiira kamangokhudza chitsulo apa ndi apa, basi munthu wa zaka makumi atatu pa makina osemera waweruzidwa.

Abwana anena poyera. Lachinayi kukubwera katswiri uja woyeza Adona chaka ndi chaka. Akawapeza ali bwino, malume achoka pa makina, azikawerenga mabawuti kosungira katundu. Malipiro atsika, koma chimene chingawaphe si chimenecho.

Lachiwiri, 7 Juni

Malume ndi magalasi atsopano! Akuluakulu, angowaphimba nkhope. Akuti sanagule chifukwa cha maso, angofuna kuona bwino amene akuwanamizira. Anandiyang'ana ine.

Choyezera chawo cham'manja amachikulunga m'kampango ngati mankhwala. Anayeza shafiti katatu pamaso panga. "Adona akowo akudwala, mwanawe. Ine chitsulo ndimachimva m'manja." Ndinati manja alibe satifiketi. Anaseka, koma kuseka kwake kwa pakamwa pokha.

Amayi pafoni: "Usamuchititse manyazi mlongo wanga." Ngati ndimachita kusankha manambala. Makina sanama, ndinawauza choncho kawiri.

Mapazi lero ngati miyala. Chibadwire mwana wanga, mapaziwa sanafundenso. Kahita kanga, kambaula kamagetsi, pansi pa desiki, pafupi ndi mwendo wa Adona, ndiye kondisunga. Maola atatu m'mawa, kenako kuzimitsa abwana asanayambe kuzungulira. Malume, poti amafika tambala asanaganize zolira, ntchito yawo ndiyo yoyamba kulowa. Ndimaiyeza mapazi akuthawa kuzizira.

Lachitatu, 8 Juni

Tsiku lokonza. Kupukuta mwala, kusesa, kuchotsa zosaloledwa. Kapu ya tiyi, mafuta odzola, kahita, zonse m'kabati kuseri kwa mafayilo.

Katswiri wafika masana kudzangosiya bokosi lake. Bambo wamfupi, magolovesi oyera, kuyenda monyang'ama ngati muli wodwala. Anzanga amutcha kale a Magolovesi. M'bokosimo muli ndodo yachitsulo yoyezera, yogonekedwa pa nsalu yofewa kuposa imene mwana wanga amagonera. Akuti igone muno kuti izolowere kuzizira kwa chipinda. Ine zaka zinayi sindinazolowere, palibe anandifunsapo.

Lachinayi, 9 Juni

Tsiku lonse kuyeza. Ndodo chogona, ndodo choimirira, ndodo chopingasa. A Magolovesi sakonda kuti munthu apumire pafupi. Ndinaima pakona, manja m'khwapa, zala zakumapazi osazimva.

Malume anadutsa pawindo kasanu. Munthu amene sachoka pa makina ngakhale kukalira belu.

Folo koloko, sitika yobiriwira pachifuwa pa Adona. Ali bwinobwino, akuti kuposa chaka chatha. Malume anavula magalasi, kuwapinda, kuika m'thumba. "Chabwino. Ndiye kuti ndine." Anabwerera kukapukuta makina awo. Ndinapambana mkangano, ndipo sindinamvepo kuipa chonchi.

Akulongedza, a Magolovesi anayamba kucheza, poti ntchito yatha. "Makinawa ukalamba saopa, mayi. Amaopa kutentha. Mbali imodzi ikangofunda, kalula koyezera kamkati kamatalika, ndiye chilichonse chachitali amachiona chachifupi." Ndinavomera ndi mutu ngati wophunzira wabwino. Ndinasekanso.

Ndili m'basi m'pamene zinandifika. Kahita ndinagula mu Malichi. Mashafiti a malume anayamba kukanidwa mu Malichi. Aatali ndi awo okha, am'mawa ndi awo okha. Ndinapitirira potsikira panga.

Lachisanu, 10 Juni, m'mawa

Bambo a mwana akuti ndikhale chete, kahita ndikataye, mashafiti ayamba okha kukhoza. Nzeru zawo zabwino, kungoti wosema adzakhala wina. Malume Lolemba ali ku mabawuti.

Ndikanena: kalata yochenjeza, mwina kuposa apo. Miyezi itatu ndikulemba 20 m'buku, poti choyezera kutentha chili kukhomo, kutali ndi mapazi anga. Sindinaname, komanso zoona sindinalembe.

Ndawaona malume akuthira mafuta makina awo, kukonzera wobwerayo. Akumuikira ndi masipanala mwa ukulu wake.

A Magolovesi abwera naini koloko kudzasainitsa satifiketi. Kabati ili apo ikundiyang'ana.

Lamulungu, 12 Juni

Dzulo sindinalembe, madzulo onse ndinangochapa zovala, ndi zoyera zomwe.

Lachisanu kahita ndinakatulutsa. Pamaso pa abwana ndi a Magolovesi, cholembera chili kale m'manja mwawo. Ndinakaika pamalo pake n'kunena kuti kamakhala apa m'mawa uliwonse. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana woswa mbale.

A Magolovesi anakayang'ana kahitako nthawi yaitali, monga munthu wapeza mbuzi m'chipatala. Sanakalipe. Anati tikayatse, tidikire. Maola awiri tikudikira, mapazi anga okha akusangalala. Kenako anagoneka ndodo yawo ija n'kuyeza.

Adona anati ndodo ndi yaifupi.

Ndodo yogona pa nsalu, yokhala ndi mapepala ake! A Magolovesi anavula golovesi imodzi n'kukanda m'mutu. "Ndiye nanenso ndizikawerenga mabawuti?" Ndinaseka misozi ili m'maso. Abwana sanaseke.

Tinazimitsa, chipinda chinazizira mpaka madzulo, ndipo dzulo m'mawa ndinapita kukayezanso mashafiti onse okanidwa. Mwayi anali asanatayidwe. Mwa 64, abwino 61.

Kalata yochenjeza ndalandira, ndasaina. Kahita kali mu ofesi ya abwana, ndipo ndikukayika ngati kakungokhala. Choyezera kutentha china achimata pa mwendo wa Adona.

Malume anauzidwa ndi abwana kuti sachoka pa makina. Ine anandidutsa pageti, moni wamba. Bola akanandizazira. Miyezi itatu munthu akudzikayikira maso ndi manja, mpaka kukagula magalasi osawafuna, chifukwa cha mapazi anga. Amayi sanaimbe, ndiye kuti amva.

Lolemba, 13 Juni

Ndafika molawirira kuti ndikapepese anthu asanadzaze. Ndinakonza mawu m'basi monse. Ndawapeza ayatsa kale makina, magalasi ali pamphuno. Akuti awazolowera, ndiponso atatu aja oipa analidi awo, maso ayamba ndithu. Ndangoti "Malume," iwo akweza dzanja, kuloza kuchipinda kwanga. Phokoso la makina linachita zotsalazo.

Pa tebulo langa mashafiti khumi ndi awiri, ondandalikidwa bwino kuti azizire. Pambali pake kaphukusi, kokulungidwa m'kampango kaja ka choyezera chawo. Masokosi aubweya, mapeya awiri, okhuthala ngati bulangete, mtundu wake woipa zedi. Ndi kapepala ka zilembo zawo zopendama:

"Saizi ndinayeza ndi maso. Akapanda kukukwana, ukafunse Adona."

Ndavula nsapato pomwepo. Andikwana ndendende.