Chitini cha Kapitawo

Lolemba, 4 Meyi

Mitu seveni lero. Umodzi wa ngongole. Wangongolewo ndiye unali waukulu kuposa yonse, mutu ngati ndowa, tsitsi ngati waya. Mashini anga ometera anachita kutentha.

Amake mwana sabata yachitatu ino chibwererereni ku ntchito, kochapa zovala kuja. Bwana wawo anati asankhe okha, mwana kapena ntchito, pageti pali atsikana ambiri akudikira malowo. Ndiye amayamwitsa m'mawa n'kuthamanga. Pobwera madzulo malaya atanyowa pachifuwa, nkhope ngati agwa pa lole. Masana onse Kapitawo ali ndi ine mu shedi, m'beseni lake pansi pa galasi, kaukonde pamwamba kuti tsitsi la anthu lisamugwere. Miyezi inayi yokha, mtsikana, koma kulamula kwake! N'chifukwa chake dzinalo. Akangokuwa, mashini azime, kasitomala adikire ndi mutu theka.

Bambo ngati ine mumsewu uno mulibe. Dzanja ili mashini, dzanja ili botolo. Azimayi opita kumpopi amachita kuima kuonerera. Ndikanamawalipiritsa bwenzi pano ndili ndi galimoto.

Koma chitini cha mkaka, abale. Mitu makumi awiri chitini chimodzi. Ndimete anthu makumi awiri, kamwana kosafika mkono wanga kameze zonsezo masiku asanu. Ng'ombe yake imagona pa matiresi kapena?

Lachinayi, 7 Meyi

Magetsi athima kuyambira m'mawa. Mitu iwiri basi, ya sizasi. Wina wachoka akudandaula kuti ndamumeta ngati mbuzi yadya udzu. Wapereka theka.

Eni nyumba anafika ndisanatsegule. Lendi ya mwezi watha. Ndinawaonetsa Kapitawo kuti mwina mtima ufewe. Anangomusuzumira, amvekere: "Wokongola ndithu. Koma ine sindinamuitane."

Asiyeni. Sadziwa kuti akulimbana ndi munthu wa masamu. Sukulu ndinasiya kale, inde, koma ndi sukuluyo inandichepera.

Nayi nzeru yanga. Pachitini analemba masipuni sikisi pa botolo. Analemba ndani? Mwini wake wogulitsa. Wogulitsa angakuuze kuti thira pang'ono? Akanakhala ndi malo akanalemba makumi atatu. Ine kuyambira sabata ija ndimathira anayi, madzi omwe aja. Kuyera kwake n'komweko. Botolo lodzaza chimodzimodzi. Kapitawo amalimaliza mpaka kuyamwa mpweya, sanadandaulepo za kakomedwe.

Ndalama ya chitini amake amandisiyira pansi pa wailesi. Yotsalayo ndikuponya kwa eni nyumba. Sindinawauze amake. Iwowo zolembedwa pachitini amaziopa ngati zachokera ku khoti. Masana mkaka ndimakonza ndine, madzulo bere lilipo. Chavuta n'chiyani?

Lolemba, 11 Meyi

Chitini chatha masiku eyiti! Eyiti! Anzanga masiku asanu. Boma likanadziwa likananditumizira galimoto kuti ndikawathandize za chuma.

Ndinakamuuza wa golosale pakona paja, pamaso pa anthu. Ndinati iwe, ana a anthu ena amakulemeretsa, wanga ayi, wanga ali ndi bambo wa mutu. Anaseka mpaka kugwira kauntala. Kenako amvekere chitini chakwera. Mitu makumi awiri ndi itatu tsopano. Ndinamufunsa ngati ng'ombe ija yayambanso kuvala nsapato. Anati mafuta a galimoto. Mafuta akakwera, mkaka ukwere, sopo akwere, makala akwere. Mutu wokha ndiwo sukwera. Ndikangowonjezera pang'ono onse athawira kwa mnzanga wa kuseri kwa msika, wometa ngati akusenda mbatata uja.

Iwo akweza, ine ndatsitsa. Masipuni atatu kuyambira lero. Tiona amene atope.

Kapitawo kulira kwawonjeza. Akamaliza botolo, pang'ono pokha wayambanso. Mdala wina wa ndevu zoyera, kasitomala wanga wa Lolemba, anati mwanayu ali ndi mapapo a woyimba. Ndinati atengera bambo ake. Amake akuti madzulo amayamwa ngati afuna kuwameza amoyo, sasiya bere. Ndinati ndi chikondi.

Chabwino china. Zovala zija tinkaopa kuti zimuchepera mwezi uno zikumukwanabe. Tewera mpaka kutsala m'chiuno, ndachita kupinda kawiri. Mwana wodziwa kuti bambo ake alibe ndalama.

Lachisanu, 15 Meyi

Ku sikelo.

Amake anapempha theka la tsiku, bwana wati adula pa malipiro. Ine ndinasita malaya anga oyera. Mwamuna ndekha pa benchi pakati pa azimayi osawerengeka. Ndinawauza kuti achotse ana awo kaye, wanga akakwera sikelo iduka chingwe. Anaseka onse. Mayi wina anati mwamuna wotere akanamupeza akanamutsekera m'nyumba.

Anamupachika. Muvi sunapite kutali.

Anesi anamutsitsa, anagwedeza sikelo, anamupachikanso. Chimodzimodzi. Analemba kadontho pa khadi. Kadontho ka mwezi watha kali pamwamba, ka lero pansi. Ngakhale ine wosiya sukulu ndinaona kuti mzere wagwada.

Anafunsa ngati akutsekula m'mimba. Ayi. Kutentha thupi. Ayi. Kenako: "Mkaka wa m'chitiniwo mumatsata zolembedwa?" Amake anayankha msanga, mwamtima wonse: "Eee, bambo ake amasamala kwambiri." Ine ndinagwedeza mutu movomera.

Ndiye anesi anatembenukira amake. Mayi wanji wosiya khanda n'kumakachapa zovala za anthu. Mwana amafuna bere, osati ndalama. Anayankhula mokweza, benchi yonse inamva. Amake maso pansi, akupinda nsalu ya mwana n'kuipindanso. Atiuza tibwerenso pakatha masabata awiri. Akapanda kukwera amugoneka m'chipatala.

Sikelo imeneyi ndi yakale. Imapachika ana zikwi pa tsiku, ingalephere kutopa?

Mitu inayi masana. Sindinaseke ndi aliyense.

Loweruka, 16 Meyi

Apongozi afika. Ndani anawauza, kaya. Nkhani zoipa zili ndi njinga.

Anamunyamula Kapitawo, kumutsina pantchafu, khungu kutsalira m'zala. Anayang'ana mwana wawo: "Iwe, ndinakulera ine ndi chitini?" Kwa ine ulemu wokhawokha. Akuti bambo a mwana mwayesetsa, amuna ena sakanatero. Anandithokoza ndi manja awiri. Bola akananditukwana.

Amake analira. Akuti Lolemba akasiya ntchito. Ndinawerenga m'mutu msangamsanga: malipiro awo ndiwo makala, sopo, ndiwo, chitini. Mitu yanga ndi lendi ndi mayunitsi a magetsi. Akasiya, tonse atatu pamsewu ndi beseni lathu. Ndinati dikirani kaye, mayi, tione masabata awiriwa. Anati chabwino. Amandimvera. Ndi chimenecho chikundiwawa.

Lero ndathira asanu. Sikisi ndinafuna, koma chitini chayamba kuonetsa pansi. Kapitawo anamwa, anagona nthawi yaitali mpaka ndinapita kukaika chala pamphuno.

Ndinapita kwa eni nyumba kukapempha kuti andibwezereko pang'ono pa ndalama ija, mwana wadwala. Anaseka ngati ndanena nthabwala. Mwina nkhope yangayi anthu anaizolowera choncho. Akuti ndalama ikalowa m'thumba mwawo imaiwala njira.

Kwa wa golosale, ngongole ya chitini ayi. Sopo angathe, mchere angathe. Chitini akuti n'chachikulu.

Lachiwiri, 19 Meyi

Amake anatenga adivansi ku ntchito osandiuza. Anaweruka msanga, n'kudzera okha ku golosale kuti akagule chitini, andipepuze ine wotopa.

Wa golosale uja. Pakamwa ngati chitseko cha basi. Sanachite dala, ankandiyamikira. Akuti amuna anu ndi katswiri, mayi, chitini cha masiku asanu amachikoka mpaka eyiti, anatiuza okha pano. Ndipo ndinawauzadi. Ndinachita kuimirira pa thumba la shuga.

Amake anafika ku shedi ndili pakati pometa dalaivala wina. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anaika chitini chatsopano pa shelefu, pambali pa chakale, anawerenga pachitini ndi chala, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu. Kenako: "Bambo ake, mumathira angati?"

Ndinati zimatengera.

"Angati?"

Ndinati anayi. Anangondiyang'ana. Ndinati nthawi zina atatu. Ndinayamba za lendi, za eni nyumba, za mafuta a galimoto. Ndinati ndalamayo sindinamwere, sindinagule ngakhale ndudu, ili pa denga lomwe amagona pansi pake. Zoona zokhazokha. Anati: "Ndiye anesi aja ponditukwana ine, inu munali pomwepo."

Anatenga mwana. Beseni, kaukonde, fulasiki, mabotolo onse awiri, zitini zonse ziwiri. Zonsezo ndi manja awiri, sindikudziwa anatha bwanji. Ndinati ndikuthandizeni kunyamula. Anangotuluka.

Dalaivala anatsala pampando ndi mutu wake theka. Patapita nthawi amvekere: "Achimwene, malizani, kapena ndibwere mawa?" Ndinamaliza. Ndinamucheka kuseri kwa khutu. Sanalipire, sindinafunse.

Loweruka, 23 Meyi

Mitu khumi ndi isanu! Chitsegulireni shedi iyi sizinachitikepo. Manja onse awiri ndi anga tsopano, palibe wozimitsa mashini. Anthu akuti lero mwachangamuka. Inde. Wometa wamkulu wa dziko lonse, wopanda womusokoneza.

Azimayi a kumpopi akudutsa osaima. Mmodzi anafunsa kuti bwana wamng'ono ali kuti. Ndinati wapita ku tchuthi. Anangoti "Oo." Msewu wonse ukudziwa. Wa golosale akandiona amayamba kupanga ngati akuwerenga machesi.

Amake akugona kwa amayi awo, ntchito akupitira komweko. Mabasi awiri. Ndalama ya basi pa sabata ndi theka la chitini. Masamu anga aja ndi amenewo.

Mawa ndipita. Chitini ndagula, chathunthu, mitu ya masiku awiri. Eni nyumba adikire. Akafuna achotse chitseko, mulibe choba.

Lamlungu, 24 Meyi

Apongozi analandira chitini pakhomo. Anachitembenuza, kuyang'ana ngati chinatsegulidwapo, kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Pamaso panga. Kenako: "Lowani, bambo." Ulemu uja ulipobe, koma wazizira ngati madzi a mumtsuko.

Anandipatsa mwana kuti ndimunyamule. Wandidziwa. Anandigwira mphuno. Ndinamuuza kuti shedi yonse ikumufunsa, mashini akana kudya. Palibe anaseka.

Itakwana nthawi ya botolo ndinaimirira, mwachizolowezi. Apongozi anati khalani, mwatopa. Anathira okha, akuwerenga mokweza kuti ndimve. Mpaka sikisi. Sipuni iliyonse ngati akundimenya nayo pachipumi.

Amake anandipatsa tiyi. Shuga anathira okha, wokwanira bwino. Za kubwera kunyumba sindinafunse. Ndinati tidikire sikelo.

Lachisanu, 29 Meyi

Wakwera.

Muvi unapitirira pamene unaima tsiku lija, n'kupitiriranso pang'ono. Anesi anati mayi mwachita bwino, pitirizani zomwe mwasinthazo. Za kuchipatala zatha. Sanafunse kuti chasintha n'chiyani. Amake sananene. Chosinthacho chinali chitaima pakhomo ndi malaya osita.

Ndasangalala. Zoona, ndasangalala. Masiku khumi okha kutali ndi ine, mwana masaya abwerera. Ndimati ndifuule kuti mwaona, magazi a bambo ake. Ndinameza.

Panja, podikira basi, ndinayamba bwinobwino. Ndinati mayi, phunziro ndalimva, sikisi ndi sikisi, ndilemba pagalasi ndi penti. Ndinati ndalama ya basi ikutipha. Anati iwowo abwera Lamlungu, nyumba ndi yawo, lendi tithandizana. Mtima unakhala pansi. Ndinati ndiye ndikatsuke malo a Kapitawo mu shedi.

Anati ayi. Mwana atsala kwa agogo ake. Iwo azidzera komweko m'mawa ndi madzulo kukayamwitsa.

Ndinafunsa mpaka liti. Ndimaganiza anena mwezi, kapena sikelo ikubwerayi. Anakonza chipewa cha mwana, osandiyang'ana.

"Akadzayamba kuyankhula. Kuti azidzatha kunena yekha kuti sanakhute."

Basi inabwera. Ndinawakwezera chikwama. Ndinafuna kunena kanthu koseketsa pawindo, ndili nazo zambiri ine, zikwizikwi, koma basi inanyamuka.