Dzina Lanu Likadali pa Nambala 7

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Kalatayi ndaiyamba katatu n'kuisiya. Papita zaka zisanu ndi zinayi ndi miyezi iwiri chikuikireni m'manda. Rozita, mdzukulu wanu wa kwa malemu Marita, wabereka mwana wachitatu, wamkazi. Kachewere tinakumba matumba 21, awiri anaola. Bondo likundivutabe. Kuchoka pakhomo kufika ku ofesi ya bungwe ndinkaponda ka 340, tsopano ndi 410.

Chondisowetsa mtendere chili ku ofesi komweko. Mukukumbukira chimakina chakuda chija bungwe lathu la alimi linalandira kampani ya fodya itatseka, chimene munkati chimalira ngati njuchi zili mumtsuko? M'menemo ndi mmene timasunga kaundula: dzina la membala aliyense, dimba lake, ndi malire ake. Zaka khumi ndi ziwiri sichinatayepo dzina. Koma lero anthu akufuna kuona zimenezi pa telefoni, makamaka amene anakwatiwa kutali, mpaka ku Chidzolomondo. Ndiye pafunika makina ena oyankha matelefoni kudzera pa intaneti. Amawatcha serividoro. Komiti isankha Loweruka. Tilipo asanu, awiri ali uku, awiri uko, wotsala ndine.

A Fabiyawu, amene amasamala chimakinacho, akuti tigule serividoro yaing'ono tiike pambali pake, chakalecho chisagwedezedwe. Koma ndawerenga, Amayi. M'masiku makumi atatu magetsi azima ka 17. Ndiponso wodziwa kuchilamula ndi iwo okha, ndipo maso awo ayamba kuchita khungu.

Njira ina anabwera nayo Dona Seleste, katswiri wochokera ku Tete. Akuti tisamutsire zonse ku makina a kampani ina kutali, kumene magetsi sazima, fumbi silifika. Ndinalemba ubwino wa njira zonse ziwiri monga ndinkachitira ndili mphunzitsi. Ya Dona Seleste inapeza mfundo zisanu ndi ziwiri, ya a Fabiyawu zitatu. Ndinali nditasankha kale. Kenaka ndinangofunsa, mwa chizolowezi changa, kuti asamutsa mayina angati.

"Amoyo okhaokha, mayi," anatero. "Kampaniyo imatsegulira malo munthu wokhala ndi telefoni. Kodi akufa amaimba?"

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. Koma pobwerera ndinaima pa kamlatho paja. Dzina lanu lili pa nambala 7. Dimba la kumtsinje limene Rozita akulima likadali m'dzina lanu. Tinkangoti tidzamulembetsa mawa. Ndipo a Zakeyu oyandikana naye aja asuntha kale mzere wa nzimbe kawiri. Kawiri konseko chinawabweza ndi pepala lotuluka m'chimakina chija, lonena kuti malire anu amathera pa mtengo wa pichesi.

M'mawa mwake ndinakawerenga kaundula yense ndi chala. Madimba 38 akulimidwa m'mayina a anthu amene anatisiya. Ambiri olimawo ndi akazi amasiye ndi adzukulu.

Munkanena posankha kachewere wobzala kuti, "Mbewu yakale usataye yatsopano isanamere." Ndinkaona ngati mukungokakamira zofota. Masiku ano mawuwo akundiyenda m'mutu ngakhale ndikamasenda nyemba.

Choncho Loweruka ndikweza dzanja kumbali ya a Fabiyawu, ngakhale zisanu ndi ziwiri zimaposa zitatu, ndipo zimenezi zikundiwawa. Ndawauza kale kuti, "Achimwene, muphunzitse anthu awiri maso asanatseke, apo ayi dzanja langa simuliona." Anang'ung'udza, koma avomera. Serividoro yaing'onoyo izizima ndi magetsi, anthu azidandaula, ndipo azitchula ine. Ndalola. Makina akutaliwo tidzapitako aliyense wamoyo akalembedwa pansi pa wakufa wake.

Ntchitoyo ndayamba ndekha, khomo ndi khomo, ndi kope ndi ndodo. Ndamaliza makomo 11. Atsala 27, mvula ili pafupi, ndipo ena ali kuseri kwa phiri. Sindidziwa ngati bondo lifika.

Kwa Rozita ndipita mawa. Ndinamuika kumapeto kuti anthu asati ndayamba ndi akwathu, koma dzulo ndaona a Zakeyu akunola khasu.

Ndimakukondani, Amayi. Dzina lanu sindilola kuti lichoke pa nambala 7 mpaka la Rozita litakhala pansi pake, pamodzi ndi mtengo wa pichesi.

Ndine mwana wanu,
Inesi