Mkamwini Pazenera

Loweruka, 4 Januwale 2025

Mvula kuyambira m'bandakucha. Denga la pabalaza likudontha ponseponse. Maondo kuwawa.

Misa yokumbukira mkazi wanga, amake Tawina, ili pa 25. Chaka chathunthu chigonere iwo m'manda. Ndidapempha kuti kwaya idzaimbe nyimbo imene iwo adapeka, ya Maria patsinde pa mtanda. A Nester, amene atsogolera kwaya tsopano, ati mbali zina azidziwa, koma alito idapita ndi mwini wake. Pakuti alito ankaigwira ndi malemuwo, enawo ankangotsata pambuyo.

Nyimboyo adailemba m'kompyuta yakale, m'pulogalamu yoliza manotsi. Kompyutayo idafera pa kabaza, popita nayo kwa wokonza ku Milepa. Yatsopano imene adandigulira Tawina ikuikana pulogalamuyo, monga mfumu ija ya ku Ejipito imene sidamdziwe Yosefe.

Lamulungu, 5 Januwale

Itatha Misa, afika Tawina ndi mwamuna wake, a Geoffrey, wokonza makompyuta ku Limbe. Za m'kompyuta yakufayo adazipulumutsa pa fulashi. Ati tiyenera kuika chimene achitcha vechuwo mashini, ndiko kunena kompyuta yakale yokhala m'mimba mwa yatsopano, yamoyo, yosagayidwa. Ndinati, ngati Yona. Anati, “Eya bambo, koma uyu sitimulavula.”

Tsono vuto. Kompyuta ili kuchipinda kwanga, kumene kuli soketi ndi denga labwino. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Inenso ndine mkamwini pano pa Likoswe, ndipo ndakalambirapo osaona ngakhale mwendo wa bedi la apongozi anga. Anati aitengere ku Limbe. Ndakana. Imodzi idafera kale panjira.

Tawina: “Bambo, akulowera kompyuta, sakulowera bedi lanu.”

Choncho a Geoffrey panja pazenera ndi ambulera, ine patebulo. Iwo kunena, ine kudina. Pulogalamu yalowa ndithu. Poidzutsa, yatulutsa mawu ofiira. Kenaka magetsi azima.

Lachitatu, 8 Januwale

A Geoffrey pafoni. Ati pansi penipeni pa kompyuta pali chipata chotseka, ndipo chikapanda kutsegulidwa, yakaleyo singapume m'katimo. Njira yofikira kumeneko: kudina batani lina pa kamphindi komwe kompyuta ikudzuka. Ndayesa mpaka dzuwa kupendeka. Zala za nyamakazi. Ndikamati ndidine, yadutsa kale. Ndafanana ndi wodwala uja wa pathamanda, amene madzi akavunduka ena ankamtsogolera.

Madzulo, kokonzekera kwaya. A Nester ndi a Dorothy akangana pa mzere wachitatu, aliyense kukweza mawu mwa njira yake. Potsiriza atembenukira kwa ine. “Abambo, inu munkagona nayo nyimboyi m'nyumba, tiuzeni.”

Ndinatsegula pakamwa. Panalibe kanthu.

Chifuwa cha malemu ndichikumbukira. Kukhwekhwereza kwa patapata pakhonde ndikukumbukira. Koma mawu awo oimba andichokera. Ichi sindinauze munthu.

Loweruka, 11 Januwale

A Geoffrey abweranso ndi Tawina. Mvula yamphepo, ambulera yosathandiza. Galasi la kompyuta lafulatira zenera, ndipo waya ndi wamfupi. Ndinatenga kalilole wa malemu, dzanja limodzi kuwaonetsa, linalo pa batani.

“Tsopano bambo! Dinani! Aaa, yapita.”

Kuzimitsa, kuyatsa. Kuzimitsa, kuyatsa. Ana a Nabanda, oyandikana nafe, anaima pamsewu kuseka munthu wamkulu wofuulira khoma.

Kamodzi kokha ndinaipeza. Chipatacho chinaoneka, malemba oyera pa buluu. Koma m'kalilole malemba amabwerera chammbuyo, ndipo a Geoffrey magalasi awo anali madzi okhaokha. Ndinadina pamene anandiuza, kapena pamene ndinayesa kuti anandiuza. Inatuluka osasunga kanthu.

Sanadandaule. Anangofinya malaya, nati, “Tidzayesanso, bambo.” Tawina sanandisiyire moni.

Ndatopa, Ambuye. Mafupa anga atopa.

Lachinayi, 16 Januwale

Bambo mfumu ati nyimboyo ikakanika, tisankhe ina ya m'buku. Ananena mokoma mtima. Ndinavomera ndi mutu wokha.

Tawina pafoni, mawu ouma. A Geoffrey agona ndi chimfine chiyambire Lamulungu, koma ati Loweruka abwera.

Ndakhala ndikulingalira za apongozi anga, a Simoni. Podwala iwo matenda otsiriza, ndinkawatemera nkhuni, ndinkawanyamulira madzi, zonse kuthera pakhomo. Tsiku lomwalira anafuna wowatembenuza pamphasa. Amuna ena kunalibe. Ine ndinali panja, ndi manja awiri amphamvu, ndikusunga mwambo. Onse anandiyamika kuti ndine mkamwini waulemu.

Sindidziwa ngati a Simoni anayamika.

Loweruka, 18 Januwale

Ndinasesa kuchipinda mamawa. Bedi ndinafunditsa chitenje cha malemu, cha Amayi Achikatolika.

A Geoffrey anafika ndi Tawina, akutsokomola, nalunjika pazenera pomwe paja. Ndinati, “A Geoffrey, zungulirani. Lowani.” Anayang'ana Tawina. Ndinabwereza.

Anavula nsapato pakhomo. Analowa chowerama, maso pansi, monga wolowa kumene kuli Ukaristiya. Mpando anaukana, nagwada patebulo. Chala chimodzi, kamodzi. Chipata chinatseguka. Ntchito imene yatidya masabata awa inatha madzi a tiyi asanawire.

Taonani, kazenera kakang'ono m'kati mwa galasi, ndipo m'menemo kompyuta yakale ija, ndi nkhope yake yomwe. Dzina la nyimbo monga adalilembera malemu. Ndinati atontholetse mbali zina, asiye alito yokha.

Kulira kwake kopyapyala, ngati kalimba wa mwana. Sindiwo mawu awo ayi. Koma pa mzere wachitatu, pamene a Nester ndi a Dorothy onse ankakwera, iyo inatsika, niima pang'ono. Pamenepo mpamene ankakokera mpweya, phewa lamanzere likukwera. Ndinawamva. Ndinawamva ndithu, kuchokera kukhitchini, monga kale.

A Geoffrey ananyamuka mwakachetechete kuti atuluke. Ndinawagwira mkono. Ndinati, “Khala, mwana wanga. Lizanso.” Mpando ndi umodzi, ndipo ndinali nditaukhalira. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

A Nester ndi a Dorothy abwera mawa ikatha Misa, kuti aimve ndi makutu awo. Nawonso adzayenera kulowa. Ndikabwereke benchi kwa a Nabanda, pakuti chipindachi chilibe mipando yokwanira alendo.