Mayi Wina wa ku Dedza

Linthipe, Dedza
Okutobala 1984

Wokondedwa mwana wanga Ndaziona,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako a Funsani, ndi wa mdzukulu wanga Yankho kumeneko ku Kitwe. Kodi chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Ine kuno ndilipo, kupatula bondo limene ukulidziwa kale. Kunja kwatentha, anthu ali kalikiliki kusosa m'minda, maso ali kumwamba.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira pamanja a Bonifasi amene akubwerera ku ntchito kumeneko. Ukamawerenga uona chifukwa chake.

Pa maliro paja unandifunsa kuti tsiku lomaliza limene amayi ako anali bwinobwino linali lotani. Sindinakuyankhe, pakamwa panali polemera. Ndikuyankha lero.

Munali mu Juni muja, kukuzizira, nkhungu itakuta phiri mpaka dzuwa kukwera. Tinapita kudimba kukakumba kachewere. Amayi ako ankandidandaula kuti ndikutema mbatata zambiri ndi khasu, akuti kaya ndikukumba kaya ndayamba kale kukonza ndiwo. Tinaweruka masana, iwo dengu pamutu, ine thumba pa njinga.

Masiku amenewo m'mudzi muno munali alendo anayi ochokera ku yunivesite, ankagona ku sukulu, akuti akuchita kafukufuku. Mmodzi ankaponya chingwe m'chitsime ndi kumasula mjigo wathu uja, kufuna kudziwa chimene umafera chilimwe chilichonse. Wina ankatunga madzi m'timabotolo ndi kufunsa azimayi za ana otsekula m'mimba. Wachitatu ankafunsa ife akamwini kuti timamva bwanji kukhala kwa eni ake, funso limene palibe mkamwini wa mutu wabwino angayankhe mlamu wake ali khale pomwepo. Wachinayi anali mtsikana, dzina lake Victoria. Iyeyu anali ndi makina ojambulira mawu, ndipo ankafuna nyimbo za pamtondo.

Ine zimenezi zinandikoka mtima. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 ndikuganiza kuti nzeru zonse zinalembedwa kale m'mabuku. Tsono apa eni mabuku ndi amene abwera kudzafunsa ife! Ndinkangomulondola mnyamata wa mjigo uja ndi mafunso anga. Amayi ako ankauza anzawo kuti ana a sukulu aja si anayi ayi, alipo asanu, winayo ndi wa imvi.

Chakumadzulo kwa tsiku limenelo Victoria anafika pamtondo pomwe amayi ako ankasinja ndi mng'ono wawo, amayi ako aang'ono a Dorika, ndi azimayi ena. Mwambo ukuudziwa. Mwamuna saima pamtondo, ndipo zoimbidwa pamenepo zikamulowa m'khutu amakhala ngati sanamve. Ndiye ndinanyamuka kubwerera ku mjigo. Ndinkangomva phwete la kuseka chapatali.

Atabwera kunyumba ndinawafunsa kuti aimba zotani. Anati zanu zomwe. Ndinayesa nthabwala chabe. Tinadya, iwo n'kunena kuti msana ukuwazizira, ndipo anafunda mabulangete awiri. M'mawa mwake thupi linali moto. Zotsalazo ukuzidziwa: chibayo, chipatala cha pa Boma, ndi ulendo wobwerera nawo kumudzi.

Tsopano imva zimene zachitika iwe utabwerera.

Mwezi wathawu Victoria anatulukira yekha, atanyamula paketi ya shuga yoti apatse amayi ako. Za maliro sanamve. Anaima pabwalo n'kuodira, kufunsa ngati amake Ndaziona alipo. Nditamuuza anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira, mpaka a Dorika ndi amene ankamutonthoza mlendo pa maliro athu omwe.

Atakhazikika anafotokoza chimene anadzera. Akuti aphunzitsi ake amafuna kuti nyimbo iliyonse yosungidwa ku yunivesite ikhale ndi dzina la woimba. Tsiku lija atawafunsa amayi ako dzina, iwo anayankha kuti akafunse amuna awo, tione ngati akulikumbukira. Azimayi anagwa nako kuseka, iyenso anaseka nawo, n'kuiwala kufunsanso. Choncho anali ndi nyimbo zambiri zokoma, koma woimba wake wongodziwika kuti amake Ndaziona.

Dzina sindinalitchule msanga. M'malo mwake ndinayamba mafunso anga aja. Kodi mawu amakhala pati m'kalamba kopyapyala kotero? Kodi akamaseweredwa kawirikawiri satha ngati sopo? Nanga adzawamvere ndani? Mtsikanayo anandiyankha moleza mtima. Akuti kuli chipinda chozizira bwino chokhala ndi mashelefu, ndipo ophunzira ena amene lero sanabadwe akhoza kudzamvera. Iye ntchito yake ndi kufananiza nyimbo za ku Dedza kuno, za ku Ntcheu ndi za ku Mchinji, kuti aone zimene azimayi amanena pamalo pomwe amuna sayenera kumva.

Apo ndinapempha kuti ndimve nawo. Victoria anayang'ana a Dorika. A Dorika anati nyimbozo si za makutu a amuna, komanso mawu a womwalira sangangotsegulidwa ngati wailesi, mpaka atsibweni ako a Gerevazio adziwe, poti ndiwo eni mbumba.

A Gerevazio anabwera m'mawa mwake nkhope ili gwa. Za mwambo ananena pang'ono chabe. Chimene chinawavuta kwenikweni anachinena motsitsa mawu. Akuti anamva kuti tsiku lija azimayi anaimbanso ina ya tomato amene anawolera pa chipata cha msika chifukwa mwini wake anaiwala khadi la chipani kunyumba. Sindilemba zambiri, wamva. Anati nyimbo yotero ikakhala ndi dzina la munthu ndi mudzi wake, tsiku lina kudzaima galimoto pano, ndipo si womwalirayo amene adzakwezedwe. Mawu awo anali amodzi: mtsikanayo afufute zonse.

Ndikuuze zoona, mwana wanga, mtima wanga unagwa. Ndinali ndisanamve n'komwe, ndipo anali atatsala pang'ono kundifera kachiwiri.

Victoria anapempha mwaulemu kuti asanagamule amvere kaye zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tinalowa m'nyumba anthu anayi, n'kutseka chitseko masanasana. Anaika makina aja pa tebulo n'kudina.

Poyamba kunamveka minsi yokha, thi, thi, thi. Kenako amayi ako. Ndinkayesa kuti ndilira, koma choyamba kundigwira chinali kudabwa. Mawu awo anali a mtsikana, okwera, amwano pang'ono, osati aja ondifunsa nawo ngati ndatsekera mbuzi. Pakati pa nyimbo anakalipira a Dorika kuti munsi wawo ukugona. A Dorika, ali khale pambali panga, anayankha makinawo mokweza kuti ndiwe ukuthamanga iwe! Atazindikira chimene achita anatseka pakamwa ndi chitenje.

Ndiye inafika yanga. Ndinamupempha Victoria kuti aibwereze mpaka ndinaisunga pamtima.

Amuna anga ngaulemu, anthuni,
Amake Ndaziona, madzi. Amake Ndaziona, moto.
Dzina langa linatsala ku tchalitchi,
Ndikalitenge liti, ine?

Azimayi m'makinamo ankavomera uku akuseka. A Gerevazio anandiyang'ana cham'mbali, ine n'kumayang'ana tebulo.

Itatha imeneyo, a Dorika anandigwira mkono, kusonyeza kuti yotsatira ndi ya tomato ija. Tinadikira. Makina ankangoti sii, lamba akuzungulira, popanda mawu. Patapita kanthawi amayi ako anatulukiranso ali pakati pa nyimbo ina ya apongozi. A Gerevazio anafunsa kuti pamenepa pachitika chiyani. Victoria, maso ali pa nsapato zake, anati mabatire anafooka pamenepo. A Dorika anavomereza msangamsanga kuti eya, iwonso anawaona akufooka. Palibe anafunsanso. Ndinazindikira kuti nyimboyo inafufutidwa kale, ndipo mantha athu ndi omwewo amene ali ku yunivesite.

Apo a Gerevazio anafewa. Anati chabwino, nyimbozo zisungidwe, koma popanda dzina. Victoria anati n'zotheka, aphunzitsi ake amalola pakakhala chifukwa, ndipo adzangolemba kuti mayi wina wa ku Dedza. Akuti pa mashelefu paja alipo ambiri olembedwa choncho. A Gerevazio anati basi zatha bwino, ku Dedza kuli azimayi osawerengeka, akawafune.

Iwe ukundidziwa. Chikwatirire m'mudzi muno sindinatsutsepo atsibweni ako pa nkhani ya mbumba yawo. Ngakhale tsiku limenelo sindinayambe ndi kutsutsa, ndinangofunsa. Ndinati wophunzira wam'tsogolo uja akadzamva nyimboyi n'kufuna kudziwa kuti anaimba ndani, adzafunsa yani? Victoria anati palibe. Ndinati nanga dzinalo lingadzawonjezedwe bwino lino zinthu zikadzakhala mwina? Anati n'kovuta, chifukwa odziwa amakhala atapita.

Ndiye ndinati pepani alamu, koma mwini nyimbo ananena yekha munthu woti afunsidwe. Ndafunsidwa, ndiloleni ndiyankhe.

A Gerevazio sanakwiye, koma ananena mawu oona. Anati alamu, inu tikakusudzulani mukupita kwanu, ife ndi ana tikutsala pano. Sankanama. Kenako ndinati dzina la mudzi uno lisatchulidwe paliponse. Patchulidwe dzina la woimba, ndi langa monga wovomereza, ndi kwathu ku Kabwazi. Galimoto ikadzafuna munthu idzandipeze kumeneko, ndidzakhala pakhonde.

A Gerevazio anapukusa mutu nthawi yaitali. Pomaliza anati zanu izo, ndipo anawonjeza kuti mlongo wawo anali wamakani chibadwire, tsopano makaniwo wasiyira mwamuna ngati chuma chamasiye.

Victoria anandiyandikizira kolankhulira pakamwa n'kudina. Ndinatsokomola. Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Dzina limeneli ndinalitchula komaliza pamaso pa ansembe tsiku la ukwati wathu, ndipo lilime linali litaiwala njira yake. Ndinayesanso, ndipo linatuluka: Eneles Nambewe. A Dorika anaseka misozi ili mbwembwembwe, akuti mwachedwa alamu, koma mwafika.

Chichitikire zimenezi pali chinthu chimene chikundizungulira m'mutu, ndipo apa ndi pamene ndikupempha thandizo lako. Ine kusawatchula dzina ndinkati ndi ulemu. Bambo anga sanawatchulepo mayi anga dzina, ndipo sindinamvepo kuti panali mlandu. Kodi amayi ako ankadandauladi, kapena inali nyimbo chabe yopepukitsira munsi? M'makinamo akuseka, koma kuseka kwawo kunali kwa mitundu ingapo, ndipo uku sindikukuzindikira.

Ndinawafunsa a Dorika, iwo akuti imodzi yomweyo yandikwana, ndisazolowere. Ndinafunsa azimayi ena awiri, anangofunda zitenje kumaso n'kumapita. Tsopano akandiona ndikudutsa pafupi ndi mtondo amakuwa kuti tsekani pakamwa, a kafukufuku afika.

Iwe unasinja nawo kuyambira uli wamng'ono. Kodi nyimbo imeneyi ankaimba kale iwe uli pano, kapena ndi ya ukalamba uno? Nanga zina zonena za ine zinalipo? Undilembere zonse zimene ukukumbukira, ngakhale zoluma. Usandimvere chisoni n'kusankhamo zokoma zokha. Ndakhala ndi munthu zaka zonsezi, ndipo zikuoneka kuti panali mbali yake ina imene inkakhala pamtondo paja kuseri kwa nkhokwe, poyandikira pomwepa, ine osaidziwa. Ndikufuna kumudziwa ameneyonso.

Kusudzula kunachitika sabata yathayi, ndipo kunayenda mwamtendere. Ndinatulutsa katundu wa amayi ako n'kumuyala pamphasa pabwalo, abale awo akuona. Zitenje, miphika, lichero ndi nsapato za ku tchalitchi anagawana azimayi a mbumba monga mwa mwambo. Mtondo watsala pomwe umakhala, chifukwa ndi wa onse. Munsi atenga a Dorika, akuti mwina wawo usiya kugona. Mpango wobiriwira uja anati ukhale wako.

Panatsala chinthu chimodzi chimene sindinayale pamphasa. Victoria anatumiza kaseti ina yojambulidwa kuchokera ku yake ija, kudzera kwa aphunzitsi aakulu a pa sukulu. Pamwamba pake analembapo dzina lija ndi inki. Ndinaisunga m'thumba la jekete, ndikumaitulutsa n'kumaiyang'ana pa dzuwa. Koma ine wailesi ya kaseti ndilibe, ndipo ku Kabwazi kumene ndikupita mawa sindidziwa amene ali nayo. Kwa ine akhala chete, pamene munthuyo anali woimba.

Choncho ndaikulunga mu mpango wobiriwira uja, ndipo a Bonifasi akupatsa pamodzi ndi kalatayi. Uitsegule masana, zitseko zili pululu, poti kumeneko palibe woopa. Yankho akafunsa kuti akuimbayo ndani, usamuuze kuti agogo basi. Umuuze dzina. Chakumapeto mudzamva nkhalamba ina ikutsokomola, musathamangire kutseka, ndine.

Undiperekere moni kwa a Funsani ndi kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Yankho lako ulitumize ku parishi ya Kabwazi, andipeza. Ambuye akusungeni nonse, akupatseni mvula yabwino ndi matupi amphamvu.

Ndine bambo ako,
Alufeo