Mwini Wachisanu wa Dawur

Lolemba, 3 Malichi 2014

Nyuzi yathu ya Dawur aigulitsanso. Mwini wachisanu chiyambire Dawur. Mayi Efua Bentum, a mafiriji a nsomba kudoko. Anazungulira makina osindikizira, n'kufunsa ngati chitsulo chake n'cholemera. Mumtima zii. Ndinapitiriza kukonza zolakwika patsamba la maliro.

Lachinayi, 6 Malichi

Mayi Bentum akuti ndilembe mbiri ya nyuziyi poti ndine mkhalakale. Zaka 34. "Anti Araba, tsamba limodzi basi, musatilize."

Aphunzitsi Essilfie anaiyambitsa mu 1961, makina ogula kwa amishoni. Asilikali analanda. Kenako mpingo, nyimbo kuchuluka kuposa nkhani. Kenako Alhaji wa mabasi, wosawerenga koma wokonda nkhope yake patsamba loyamba.

Masana kenke, nsima yowawasa ija, ndi tsabola. Bondo likuwawa.

Loweruka, 15 Malichi

Kwa a Kwamena, mwana wa aphunzitsi Essilfie, kukapempha chithunzi. Maso anafa. Anali mkonzi wanga woyamba. Asilikali anawatsekera miyezi 14 chifukwa cha nkhani ya mpunga wobedwa kudoko, ndiye nyuzi inalandidwa. Nkhaniyo ndinaikonza ndine, koma ine sanandikhudze. Atamva mawu anga akuti, "Iwe Araba, ukadasakabe zolakwa za anthu?" Tinaseka pang'ono. M'mbiri ija ndawapatsa ndime yathunthu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayi Bentum adula ndime ya a Kwamena. Wotchulidwa m'nkhani ya mpunga ija anali bambo a Mayi Bentum. Sindinkadziwa, la Bentum ndi dzina la amuna awo. "Zakale zimenezo, Anti. Akufa apume." Ndati chabwino. Pakamwa panayankha pokha. Kwatsala chaka chimodzi kuti ndipume pantchito.

Lachisanu, 28 Malichi

Mbiri ija yatuluka m'nyuzi. Cholakwika palibe ngakhale chimodzi. Chithunzi cha Mayi Bentum theka la tsamba. A Kwamena aimba foni, akuti mawa ndikawawerengere.

Loweruka, 29 Malichi

Ndawawerengera pakhonde. Nditafika pamene panali ndime yawo ndinangoinena mokweza monga ndinailowezera pamtima, maso ali papepala, chala chikuyenda pamizere ina. Mawu sananjenjemere n'komwe. Nditamaliza akuti ndibwereze. Ndabwereza.

Nyuziyo aipinda bwinobwino, aika m'thumba la malaya. Akuti mawa pochokera kutchalitchi mwana wawo awawerengeranso pamaso pa adzukulu onse.